Chikondi cha pa Kanema Si cha Akhristu, N'cha Amalonda

Pali mawu amene ndawamva kawiri tsopano pakhonde la mzikiti kuno ku Liwaladzi, ndipo ulendo wachiwiriwo anachokera kwa munthu wamkulu amene ndimawalemekeza kwambiri. Tinkakamba za mtsikana wa Fomu 2 amene anasiya sukulu n'kutsatira mnyamata wodzapikula usipa wochokera ku Lilongwe. Patatha miyezi isanu anabwerako yekha ali ndi pakati, foni imene anamugulira ija atamulanda. Akuluwo anapukusa mutu nati, "Ndi zimenezitu, ana athu atengera chikondi cha Akhristu cha m'mafilimu." Tonse amene tinali pamkeka tinagwedeza mitu, ine ndemwe, poti kutsutsa wamkulu pagulu si mwambo wathu. Koma mawuwo ndi olakwika, abale ndi alongo anga, ndipo kulakwika kwake kukutipweteka. Sing'anga akaphonya dzina la nthenda, ngakhale mankhwala ake awawe bwanji, wodwala sadzuka.

Tiyambe taona chimene ana athu akuonera. Kanema wa boma anayamba kuno ku Malawi mu 1999, ndipo panthawiyo kunali kwa anthu a m'tauni. Lero pamalo ochitira malonda alionse m'mbali mwa msewu wa M5, kuchokera paboma mpaka ku Dwangwa, pali kachisakasa koonetseramo mafilimu, sipika ili panja kuitana ana. Mafilimu a ku Nigeria, a ku India, a ku China, onse anawaika mawu a Chichewa, ndipo womasulirayo amathiramo nthabwala zake ndi zolaula zake. M'nyumba za amene ali ndi sola ndi dishi muli Telemundo, imene inafika mu Africa mu 2013, ndi Zee World, imene inayamba mu 2015. Wopanda dishi ali ndi memore khadi yodzaza pamtengo wa mulu umodzi wa usipa. Ndiye pali TikTok ndi Facebook, zimene zimagona ndi mwana m'chipinda makolo ali mtulo.

Nanga zonsezi zimaphunzitsa chiyani? Zimaphunzitsa kuti chikondi chimagwa ngati mphezi, munthu osachifuna, osachisankha, ndipo chikamugwera sangaimbidwenso mlandu pa chilichonse chimene achite. Umboni wake ndi mphatso: foni, diresi, galimoto. Mwamuna akamachita nsanje, kumulondalonda mkazi, kumulanda foni, ngakhale kumuwomba mbama, ndiye kuti wakonda kwambiri. Makolo ndi ankhoswe ndi adani ofunika kuwazemba. Koma bodza lalikulu kuposa onse lili pamene filimu imathera. Imathera patsiku la ukwati, akwati akumwetulirana, nyimbo ikulira. Sindinaonepo filimu yosonyeza mkaziyo akuvuula chinangwa mmawa kuli chisanu, kapena mwamunayo akupalasa njinga usiku mwana atakomoka ndi malungo. Sindinaonepo mwezi wa July, mwera utakwiya masiku asanu, mabwato ali pamtunda, m'nyumba mulibe ndiwo, anthu awiri akuyang'anana osadziwa woyamba kuyankhula. Pamene filimu imathera m'pamene banja limayambira.

Tsono ndifunse: mwini wake wa chiphunzitso chimenechi ndani? Masewero a Zee World amachokera ku India, ndipo ambiri mwa iwo amanena za mabanja a Chihindu. Telemundo likulu lake lili ku Miami. Dziko la Turkey, limene anthu ake ambiri ndi Asilamu, lili m'gulu la maiko ogulitsa kwambiri masewero achikondi padziko lonse. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, Asilamu anzathu amapanga mafilimu a Chihausa odzaza ndi nyimbo, magule ndi kulimbirana akazi, ndipo masheikh a kumeneko akhala akulimbana nawo kwa zaka zambiri. Mhindu, Mkhristu, Msilamu, ndi wosapemphera, onse akugulitsa katundu mmodzimodzi. Chowagwirizanitsa ndi msika.

Ndipo msikawo uli ndi malamulo ake. Sewero la magawo mazana atatu liyenera kukusungani pampando tsiku ndi tsiku kuti otsatsa sopo ndi mafuta odzola alipire. Banja la mtendere silisunga munthu pampando. Mwamuna wobwera kunyumba nthawi yake, wopereka ndalama ya ndiwo, wopepesa akalakwa, ameneyo filimu yake ingathe m'mphindi khumi. Choncho wolemba amafunika chinyengo, mwana wapathengo, mpongozi wothira poizoni, kulekana ndi kubwererana kosatha. TikTok nayo imawerenga masekondi amene maso a mwana wanu aima pa kanema aliyense, n'kumupatsa zina zofanana nazo koma zoposerapo. Palibe m'busa kapena wansembe amene anakhala pansi n'kukonza zimenezi. Akonza ndi anthu owerenga phindu.

Tsopano ndinene chimene Akhristu amaphunzitsa, monga mmene ndachimvera kwa iwo eni ndi m'mabuku awo. Ndine Msilamu. Sindikhulupirira Utatu, sindikhulupirira kuti Isa, mtendere ukhale pa iye, anapachikidwa, ndipo sindilemba izi kuti ndifafanize malire amene alipo pakati pathu. Koma Qur'an, m'Surah Al-Ma'idah ndime 8, imatiletsa kusiya chilungamo ngakhale kwa anthu amene tili nawo pa udani, nanji anansi amene timakumba nawo manda limodzi. Kuwanamizira chiphunzitso chimene si chawo ndi umboni wabodza.

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, chinenero chokhala ndi mawu angapo pamene ife tili ndi limodzi. Eros ndi chikoka cha thupi ndi chilakolako. Agape ndi kufunira wina zabwino ndi kumuchitira, angakhale sangakubwezere. Liwu loyambalo silipezeka ngakhale kamodzi m'Chipangano Chatsopano chonse, pamene lachiwirilo lili ponseponse. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, anagwiritsa ntchito liwu lathu lija lakuti chikondi, lomwe mnyamata wa padoko amanyengerera nalo mtsikana. Apa pali msampha wa chinenero chathu: gogo wolera ana amasiye asanu ndi wopikula usipa uja onse amati "ndimakonda", ndipo mwana wa zaka 15 alibe chomuthandiza kusiyanitsa.

Mutu umene amakonda kuwerenga pa maukwati awo, 1 Akorinto 13, Paulo sanalembere akwati. Analembera mpingo wa anthu okangana, onyozana, otengerana kumabwalo a milandu. N'chifukwa chake mutuwo sunena za kugunda kwa mtima kapena kukongola kwa nkhope. Ufotokoza chikondi ndi zochita ndi zosachita, ndipo choyamba pamndandanda ndi kuleza mtima. Nsanje, imene filimu imaitcha umboni wa chikondi, mutuwo umaiika kunja. Fanizo lawo lotchuka la Msamariya, m'buku la Luka mutu 10, ndi la munthu amene anatola mlendo wovulala wa mtundu wodana nawo, n'kumulipirira pogona ndi ndalama za m'thumba mwake. M'kalata ya kwa Aefeso mutu 5 mwamuna amauzidwa kuti muyeso wa kukonda mkazi wake ndi kudzipereka yekha chifukwa cha iye. Ndipo amene munapitapo ku ukwati wa m'tchalitchi munamva malumbirowo: amatchula umphawi, amatchula matenda, amatchula imfa. Papa Benedict XVI, m'kalata yake yoyamba ya mu 2005 yotchedwa Deus Caritas Est, anadandaula ndendende zimene tikudandaula ife, kuti chilakolako chikasiyidwa chokha chimasanduka katundu wogula ndi kugulitsa, ndipo munthu mwiniyo amasanduka katundu.

Ngakhale tsiku la 14 February, limene timalitcha la Akhristu, taliyang'anitsitsani. Valentine anali munthu wophedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake ku Roma m'zaka za m'ma 200, ndipo Mpingo wa Katolika unachotsa tsiku lake pa kalendala yake yaikulu mu 1969. Amene alisunga lamoyo ndi ogulitsa zovala zofiira ndi eni malo ogona alendo. Abusa ambiri amalidzudzula paguwa monga mmene masheikh athu amachitira pa mimbari.

Amene akufuna kuona chiphunzitso chimenechi chikuyenda ndi miyendo apite kuchitando cha odikirira odwala, kaya pachipatala cha boma ku Nkhotakota kaya pa St Anne's. Ine ndinakhalako milungu itatu ndikudwazika mchimwene wanga. Pafupi nafe panali mayi wina wachikulire wa Mvano amene amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni, kuchapa nsalu zoipitsidwa mbandakucha anthu asanadzuke kuti asawachititse manyazi. Bambowo sankatha kuyankhula, ndipo nthawi zina ankakankha mbale mwaukali. Mayiwo ankangotola n'kuyambiranso. Pamafuwa oyandikana nawo panali mayi wa hijabu akuchita zomwezo kwa amuna ake, ndipo awiriwa ankabwerekana mchere ndi nkhuni. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanatseka zisakasa za mafilimu tsiku limodzi n'kupita ndi ana onse a Liwaladzi kukakhala pachitando chimenecho.

Ifetu zimenezi si zachilendo kwa ife. Surah Ar-Rum ndime 21 imatchula zinthu zimene Allah anaika pakati pa mwamuna ndi mkazi: bata, mawadda ndi rahma, ndiko kuti chikondi chooneka m'zochita ndi chifundo. Akuluakulu ena omasulira Qur'an anati mawadda ndi wa pa unyamata, rahma ndi wa pamene mmodzi wakalamba kapena wadwala. Limodzi mwa maina a Allah ndi Al-Wadud. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anakhala ndi mayi Khadija okha pafupifupi zaka 25. Pamene Akuraishi anawatsekera m'chigwa cha Abu Talib kwa zaka pafupifupi zitatu, osawagulitsa chakudya, mayi wolemerayu anapirira nawo njala mpaka thanzi lake linatha, ndipo anamwalira m'chaka chimene timachitcha cha chisoni. Patapita zaka, nkhondo ya Badr itatha mu 624, mwana wawo Zainab anatumiza mkanda kuti awombole mwamuna wake amene anagwidwa. Unali mkanda wa Khadija. Mtumiki atauona anagwidwa chisoni chachikulu, napempha maswahaba kuti ngati avomera amumasule munthuyo ndi kubweza mkandawo. Mayi Aisha atafunsidwa zimene iye ankachita akakhala pakhomo, anayankha kuti ankatumikira a m'nyumba mwake. Ankasoka chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Ndani mwa ana athu anamvapo nkhani ya mkanda uja? Koma maina a anthu a m'sewero la ku India amawatchula onse pamodzi ndi azakhali awo.

Apa ndafika pamene pakundiwawa, ndipo abambo anzanga mundikhululukire. Mawu aja akuti "chikondi cha Akhristu" timawakonda chifukwa amatichotsera mlandu. Vuto likakhala la kutchalitchi, ndiye kuti m'nyumba mwathu muli bwino. Koma chikondi cha m'filimu chinalowa kale mwa ife, chinangovala kofiya. Mwamuna amene usipa ukagwidwa bwino miyezi iwiri amathamangira kukafunga ndowa yachiwiri, ana a mkazi woyamba alibe yunifomu, akutsatira Sunnah kapena mphezi ija? Qur'an, m'Surah An-Nisa, inamangirira chilolezo chimenecho ku chilungamo, ndipo inati woopa kulephera akhale ndi mmodzi. Mnyamata amene amapita ku Joni, n'kutha zaka zinayi osatumiza kanthu, kenako n'kutumiza talaka pa WhatsApp chifukwa wapeza wina, anaphunzira kwa sheikh uti? Chipembedzo chathu chimalola kulekana, mosiyana ndi Akatolika, ndipo ndimakhulupirira kuti m'menemo muli chifundo kwa mkazi wozunzidwa. Koma chinaika edda, chinaika oyanjanitsa ochokera kumbali zonse ziwiri, chinaika udindo wosamala ana. Ife tatola khomo lotulukira n'kutaya zonsezo.

Ndipo padoko pathu pali nkhani imene tonse timaidziwa koma sititchula pa khutba: amayi ogula nsomba amene amakakamizika kugona ndi asodzi kuti apatsidwe mpata wogula pamene nsomba zavuta. Amuna ochita zimenezo ena timaswali nawo safu imodzi tsiku la Ijuma. Mwana wamkazi amene wakula akuona kuti thupi limasinthanitsidwa ndi ndowa ya usipa, filimu ikamuuza kuti limasinthanitsidwanso ndi foni, sakumva chachilendo. Yangomukometsera ndi nyimbo.

Palinso chete wathu. Ambiri a ife tinaleredwa m'nyumba zimene bambo sanenapo mawu okoma kwa mayi ana akumva. Timati ndi ulemu. Mwina kale unali ulemu ndithu, pamene anamkungwi, azakhali ndi agogo anali ndi nthawi yokhala ndi ana usiku pamoto. Lero motowo unazima, ndipo mwana amene sanaonepo bambo ake akuthokoza mayi ake chifukwa cha kondowole, kapena kuwalandira mtolo wa nkhuni, amakamva mawu okoma koyamba kwa mlendo wofuna kumuwononga. Ku madrasa timawaphunzitsa zoononga udhu, ndipo n'zofunika. Timayeza kutalika kwa hijabu ya mtsikana. Koma ndi liti pamene tinakhazika anyamata pansi n'kuwauza kuti mahari ndi chuma cha mkazi osati mtengo womugulira, kuti nsanje yomenya si chikondi, kuti kunyenga mwana wa mnzako n'kumuthawa ndi tchimo lako iwe osati lake yekha?

Zikavuta, mankhwala athu amakhala kufunga ndowa mwachangu kuti tibise manyazi. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 42 mwa 100 alionse m'dziko muno amakwatiwa asanafike zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso mpata wozembera ndi chilolezo cha makolo. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Ena mwa ife timang'ung'udza kuti amenewo ndi malamulo a azungu. Koma m'Sahih Bukhari muli nkhani ya Khansa bint Khidham, amene bambo ake anamukwatitsa iye asakufuna. Atakadandaula kwa Mtumiki, ukwatiwo unathetsedwa. Kukankhira mwana m'nyumba ya amene wamupweteka, kuti anthu aleke kutinena, ndi kudzikonda ife eni.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati tingolanda mafoni ndi kutseka mafilimu. Za zisakasa zoonetsa zolaula ana ali momwemo, nthawi ya sukulu, ndikugwirizana nazo, ndipo mafumu ndi makomiti a sukulu ali ndi mphamvu yochitapo kanthu. Koma foni yomweyo ndi imene timamvera mtengo wa nsomba ku Lilongwe, timalandirira ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money, timamvera maulaliki. Siichoka. Mwana amene mwamulanda akaonera kwa mnzake, ndipo adzaonera popanda womufunsa funso. Ine ndayamba kukhala nawo pansi adzukulu anga sewero likamaonetsedwa, ngakhale limanditopetsa, n'kumafunsa: kodi mnyamatayu amagwira ntchito yanji, poti tsiku lonse ali pambuyo pa mtsikana? Kodi mayi ake akadwala adzawasamala ndani? Poyamba ankanyansidwa nane. Tsopano amayamba okha kuseka.

Ena ati kuyamikira chiphunzitso cha Akhristu m'magazini ya Asilamu ndi kufooketsa imani ya ana. Imani imene ingagwe chifukwa chonena zoona za mnansi ndi yodwala kale. Asilamu oyamba atazunzidwa ku Makka, Mtumiki anawatumiza kwa Najashi, mfumu ya Chikhristu ya ku Abyssinia, chifukwa inali yachilungamo. Mu October 2007 akuluakulu a Chisilamu 138 ochokera m'maiko ambiri analembera atsogoleri a mipingo kalata yotchedwa A Common Word Between Us and You, ndipo mfundo yake inali yakuti kukonda Mulungu mmodzi ndi kukonda mnansi ndi pamene zipembedzo ziwirizi zingakumanirane. Sanasiye Tauhid polemba zimenezo. Kuno kwathu Chisilamu chinafika ndi Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, Aangilikani anakhazikika paboma m'zaka za m'ma 1890, ndipo kuyambira pamenepo mabanja athu alukanalukana. Ndi ochepa mwa owerenga amene alibe msuweni kapena mlamu wa kutchalitchi. Tinakangana nawo za hijabu m'sukulu zawo, mpaka ku Balaka kunachitika ziwawa mu 2019, ndipo nkhaniyo inafika pa mgwirizano mu 2021 kudzera ku Public Affairs Committee. Tinali ndi chifukwa chomenyera ufulu umenewo. Koma m'zaka zomwezo mtsikana wa hijabu ndi mtsikana wa kwaya ankakhala pabenchi limodzi m'chisakasa chimodzi, akumwa bodza limodzi, ndipo palibe komiti imene inakumanapo chifukwa cha zimenezo.

N'chifukwa chake ndikupempha komiti ya mzikiti wathu ndi amayi a dawa kuti apite kwa abusa ndi amayi a Mvano, ndi kwa mafumu, akagwirizane chimodzi chokha: nthawi imene mafilimu angaonetsedwe, zimene zisaonetsedwe ana alipo, ndi chochita ndi mwamuna wopezeka akunyenga mwana wa sukulu, kaya amavala kofiya kaya mtanda. Aliyense akaphunzitse ana ake za banja kuchokera m'buku lake, koma mwini chisakasa amve mawu amodzi kuchokera kwa tonse.

Mtsikana uja ali kwa makolo ake. Ndamva kuti malume ake akufuna kumutumiza kwa mnyamatayo kuti akafunge ndowa, ngakhale mnyamatayo sayankha foni. Ndondomeko ya Unduna wa Maphunziro, imene ilipo kuyambira 1993, imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mayi ake anena kuti khandalo adzalera okha. Bambo ake sananenebe kanthu, ndipo Lachisanu likubwerali, tikatuluka mumzikiti, ndidzawaperekeza mpaka kunyumba kwawo.